Mafunso ndi mayankho: kupanga droni yodziyendetsa yokha ya mpikisano wa ophunzira za uinjiniya ku Blantyre

Mpikisano ukangolengezedwa, mafunso omwe amandipeza ndi omwe aja a chaka chatha. Ena amandiimitsa pa Ginnery Corner ndikudikira minibasi ya ku Limbe, ena amalemba pa WhatsApp pakati pa usiku batire litawatupira. Ndawasonkhanitsa pano kuti ndisamangobwereza chimodzimodzi. Droni yomwe ndikunena ndi ya mamota anayi, ija amati quadcopter, yoti inyamuke, itsate njira, n'kutera popanda munthu kugwira rimoti. Malamulo a mpikisano uliwonse ndi akeake, choncho werengani anuwo kaye mpaka tsamba lomaliza.

Akulu, tatsala ndi miyezi inayi. Tiyambire pati?

Itanitsani zipangizo sabata ino, musanagwirizane n'komwe za dzina la gulu. Ku Limbe mupezako waya, mabawuti, guluu ndi tepi, koma mota ya droni kapena flight controller (kabokosi kolamulira mamota) musadalire kuti mukaipeza pa shelefu. Zimenezi zimachokera kunja. Phukusi limatha milungu ingapo lili panjira, osawerengera masiku odikira kuti khadi la kubanki lilole kulipira ndalama zakunja, ndiponso msonkho wa MRA likafika.

Zikafika, cholinga ndi chimodzi basi: droni iuluke ndi rimoti, ili m'manja mwa munthu, mobwerezabwereza. Magulu ambiri omwe ndawaona akulephera amayambira kumchira. Amatha miyezi itatu akuphunzitsa kamera kuzindikira zinthu pa laputopu, droni ikadali m'katoni, kenaka n'kukaiulutsa koyamba kutatsala masiku asanu. Imathyoka mkono tsiku lomwelo, sipeya palibe. Oweruza sapereka mamalikisi pa khodi yomwe sinachoke pansi. Ine gulu lomwe ndimaliopa ndi lija droni yake ili yomatamata ndi tepi koma yaulukapo kambirimbiri.

Kodi "kudziyendetsa yokha" kumatanthauza kuti droni imaganiza?

Ayi. Imangomvera, ndipo kumverako kuli pamagawo atatu. Pansi penipeni pali flight controller, kabokosi kokwana m'chikhatho komwe kamamva kupendekeka kwa droni n'kumauza mota iliyonse kuti iwonjezere kapena ichepetse liwiro. Pa ArduCopter, pulogalamu ya ArduPilot yoikidwa m'kabokosika, kamachita zimenezi maulendo 400 pa sekondi imodzi. Popanda kabokosi aka palibe munthu amene angaimike quadcopter m'mwamba, ngakhale akhale katswiri wotani.

Gawo lachiwiri ndi la GPS. Mumajambula njira pa mapu mu pulogalamu ya pa laputopu ya Mission Planner kapena QGroundControl, mumaika mfundo zoti idutse ndi kutalika kwake, mumatumiza ku droni, n'kutembenuza switchi kupita pa Auto. Mipikisano yambiri izi zokha zimakupatsani theka la ntchito. Gawo lachitatu ndi lomwe aliyense amathamangira: kakompyuta kena, monga Raspberry Pi, koona ndi kamera n'kumalamula flight controller kudzera mu MAVLink, chilankhulo chomwe ziwirizi zimamvanirana. Gawo lililonse limatsamira pa linzake la pansi, ndiye lapansilo likamagwedezeka zapamwambazo n'zachabe.

Tigule chiyani?

Pa droni yoyamba musafune zachilendo. Fulemu ya F450 kapena S500, mamota anayi a 2212 a 920KV, ma ESC (tizipangizo tolamulira liwiro la mota) a 30A, mapulopela a 1045, batire la LiPo la 3S (la maselo atatu), flight controller ya Pixhawk yokhala ndi GPS ya u-blox, power module, timawailesi tiwiri ta telemetry tolumikiza droni ndi laputopu, ndi rimoti ya 2.4 GHz monga FlySky FS-i6. Zipangizo izi zakhala zikugwiritsidwa ntchito zaka zambiri, moti vuto lililonse lomwe mungakumane nalo wina analipeza kale n'kulemba yankho lake pa intaneti.

Pomwe anthu amalakwitsa ndi pa chiwerengero. Mapulopela gulani ambiri, osachepera mapeya asanu ndi atatu. Mota ndi ESC onjezerani imodziimodzi, ndi mikono iwiri ya fulemu. Wosunga chuma wa gulu adzakana, adzati n'kuwononga ndalama. Mufunseni kuti ESC ikapsa kutatsala sabata ziwiri, ndi m'bale wake uti wa ku Joni amene adzaikweze basi mawa lake.

Fulemu sitingapange tokha kuti tisunge ndalama?

Mungathe, ndipo oweruza ena amakondwera nazo. Timapaipi ta aluminiyamu ta makona anayi ndi pulayiwudi yopyapyala zimagwira bwino ntchito, ndipo amisiri a mumsika wa Ndirande angakuduleni n'kukubooleni mukawapatsa miyezo. Kungoti imani nawo pomwepo ndi rula, chifukwa iwo anazolowera mafulemu a mawindo, pomwe mamilimita atatu si nkhani. Pa droni mota ikapendekeka pang'ono, droni imangofuna kutembenukira mbali imodzi, mamota awiri n'kumagwira ntchito yoposa anzawo mpaka kutentha. Chitsulo chowotcherera ayi, n'cholemera komanso chimasokoneza kampasi.

Tidziwa bwanji kuti mamota athu anyamula katundu yense?

Yezani pa sikelo chilichonse, ngakhale zomangira. Lamulo lake ndi lakuti mphamvu ya mamota onse anayi ikhale yowirikiza kawiri kulemera kwa droni. Mota ya 2212 ndi pulopela ya 1045 pa 3S imakankha pafupifupi magalamu 800, ndiye inayi ndi makilogalamu atatu ndi pang'ono. Droni yanu yonse, ndi batire lomwe, isapitirire kilogalamu imodzi ndi theka.

Apa pali china chomwe mapepala a ogulitsa sakuuzani. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi 10 peresenti poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanjayo. Masana a mu Okutobala, kukatentha, umapepukiratu. Pulopela imasowa chogwira, mota imazungulira kwambiri kuti inyamule katundu yemweyo, batire limatha msanga. Droni yomwe ikuimirira m'mwamba throttle (mphamvu yopita ku mamota) ili pa 70 peresenti m'mawa, masana idzakuchititsani manyazi. Muichepetse thupi. Kamera yachiwiri, nyali zokongoletsa ndi chivindikiro chopaka penti ya gulu zichoke. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Bwanji osagwiritsa mabatire a m'malaputopu akale? Amapezeka motchipa.

Funso ili limabwera chaka chilichonse. Timabatire ta 18650 ta m'malaputopu tinapangidwira kutulutsa mphamvu pang'onopang'ono kwa maola angapo. Droni imafuna ma amp 15 kapena 20 kuti ingoimirira, ndipo ikamakwera imamwa oposa pamenepo. Timabatire takaleto mphamvu yake imagwa nthawi yomweyo, droni n'kutsika ngati nkhuku yolumpha padenga. Tisungireni nyali kapena rimoti.

LiPo yeniyeni imafuna ulemu. Selo iliyonse ikadzaza imakhala 4.2V, ndiye 3S yodzaza ndi 12.6V. Muziteretsa droni selo isanatsike kupitirira 3.5V. Ngati simuuluka masiku angapo, isiyeni pa 3.8V, osati yodzaza. Tchajani ndi tchaja yoyang'anira selo iliyonse payokha, pa 1C, kutanthauza ma amp asanu pa batire la 5000mAh. Kuti mudziwe mphindi zomwe muuluke, tengani 80 peresenti ya batire: pa 5000mAh ndi 4Ah, mukagawa ndi ma amp 16 mupeza kota ya ola, mphindi 15. Ikani m'mapulani anu mphindi 10.

Musatchaje pa bedi ku hositelo, ndipo musachoke n'kulisiya lokha. Ine ndimaika batire mu mphika wadothi pa simenti, chidebe cha mchenga chili pambali. Ndinaphunzira movutikira. Batire lathu lina linagunda pansi droni itagwa, tinaliona kuti lapindika pangodya koma tinati palibe kanthu. Usiku tikutchaja linayamba kufufuma ngati mandasi m'mafuta, n'kumanunkha fungo lotsekemera ngati la polishi ya zikhadabo. Mnzanga analinyamula ndi fosholo n'kukaliponya panja, ndipo silinathe mphindi lisanalavule moto. Batire lotupa kapena lopindika ntchito yake yatha, ngakhale mtima ukupweteka ndi mtengo wake.

Magetsi akathima, matchaja ambiri a mtundu wa iMAX B6 amalandira 12V, ndiye batire la galimoto limakupulumutsani. Kumbukiraninso kuti otumiza katundu ambiri amakana kunyamula LiPo pa ndege. Wachibale wobwera pa ndege angalinyamule m'chikwama cha m'manja ngati silipitirira 100Wh, ndipo 3S ya 5000mAh ndi 55.5Wh yokha.

ArduPilot, PX4, kapena tilembe zathuzathu pa Arduino?

ArduPilot ndi PX4 ndi mapulogalamu oyendetsa droni, onse ndi aulere ndipo amayenda pa Pixhawk. Ine ndimakankhira oyamba kumene ku ArduPilot chifukwa malangizo ake ndi ofotokoza bwino, komanso Mission Planner imaonetsa chilichonse pa laputopu ya Windows yomwe ambiri muli nayo. Ngati mphunzitsi wanu amadziwa PX4, tsatirani iyeyo.

Kulemba zanuzanu ndi sukulu yabwino ya PID, masamu osunga droni kuti isapendekeke, koma ichiteni pa tchuthi. Pokhapokha malamulo atakukakamizani, musapikisane ndi ntchito yomwe anthu mazanamazana akhala akuikonza kwa zaka zoposa khumi.

Tikangowonjezera throttle, ikugudubuzika chagada. Talodzedwa?

Simunalodzedwe, achimwene. Ndi chimodzi mwa zinthu zitatu: mamota mwawalumikiza mosemphanitsa manambala, mota ina ikuzungulira mobwerera, kapena pulopela ili pa mota yolakwika. Pa ArduCopter ya mtundu wa X, mota 1 ili kutsogolo kumanja, 2 kumbuyo kumanzere, 3 kutsogolo kumanzere, 4 kumbuyo kumanja. Ya 1 ndi 2 imazungulira mosemphana ndi wotchi, ya 3 ndi 4 motsata wotchi. Chotsani mapulopela onse, tsegulani Motor Test mu Mission Planner, yesani imodziimodzi mutamata kachidutswa ka tepi pa mota kuti muone komwe ikulowera. Dziwani kuti Motor Test imatchula A, B, C, D mozungulira motsata wotchi kuyambira kutsogolo kumanja, osati motsata manambala aja, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezekera. Yozungulira mobwerera, sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatu ochokera ku ESC kupita ku mota. Pulopela mbali ya malemba iyang'ane kumwamba.

Ndibwereze: mapulopela achoke nthawi iliyonse mukugwira droni pa tebulo batire lili lolumikiza. Pulopela ya mainchesi 10 imang'amba chala mpaka kukasokedwa.

Pa Stabilize (poiyendetsa ndi manja) ikuuluka bwino, koma pa Loiter (poima yokha pamalo ndi GPS) ikuyamba kuzungulira, bwalo lake n'kumakulirakulira. Chavuta n'chiyani?

Kampasi. GPS imauza droni pomwe ili, koma kampasi ndi yomwe imaiuza komwe yayang'ana. Kampasi ikanama, droni imayesa kubwerera pamalo pake koma n'kulowera cham'mbali, imayesanso n'kuphonyanso, ndiye imazungulira ngati madzi otsika mu sinki.

Yathu inatichitira zimenezi pa bwalo lina la mpira kuseri kwa Soche. GPS tinaimata pafupi ndi mawaya akuluakulu a batire chifukwa kamtengo kake kanathyoka ndipo tinachita ulesi. Mawaya odutsa mphamvu yambiri amapanga maginito awoawo, ndiye throttle ikakwera kumpoto kwa droni kumasuntha. Inazungulira katatu, woyendetsa anaiwala switchi yobwerera ku Stabilize chifukwa cha mantha, n'kukakodwa pamwamba pa bulugamu. Ana omwe ankationerera ndi omwe anatibwereka nsungwi ziwiri zomangiriza. Tinaitsitsa dzuwa likulowa, ilibe mkono umodzi, anawo akufunsa kuti mawa tibweranso nthawi yanji.

Choncho GPS, yomwe mkati mwake muli kampasi, ikhale pa kamtengo pamwamba, muvi wake uloze kutsogolo. Kukonza kampasi chitirani panja, kutali ndi galimoto, malata ndi simenti yokhala ndi zitsulo mkati, foni ndi makiyi zili kwina. Musanyamuke HDOP, nambala yoonetsa kudalirika kwa GPS, isanatsike pansi pa 1.4. Ndipo woyendetsa azolowere kuti chala chake chizikhala pa switchi ya Stabilize mpaka chizipita chokha.

Ngati vuto ndi kukwera ndi kutsika kosalamulika pa AltHold, pomwe droni imasunga yokha kutalika kwake, yang'anani kunjenjemera. Tsitsani ma log (zolembedwa za ulendo) a pa SD card muone VIBE, muyezo wa kunjenjemerako: pansi pa 30 zili bwino, kupitirira 60 ndi mavuto. Kawirikawiri ndi pulopela yobenthuka kapena bawuti yomasuka. Barometer, kachipangizo koyeza kutalika ndi mpweya, nayo iphimbidwe ndi kasiponji, chifukwa mphepo ndi kuwala kwa dzuwa zimainamiza.

Malamulo akuti iterere pa chizindikiro cha mita imodzi. GPS ikwanitsa?

Mwamwayi chabe. GPS wamba imaphonya ndi mamita awiri kapena atatu, ndiye apa ndi pomwe kamera imalowa. Njira yosavuta ndi kamera yoyang'ana pansi, Raspberry Pi, pulogalamu yowerenga zithunzi ya OpenCV ndi chizindikiro cha ArUco kapena AprilTag ngati malamulo akulola. GPS ifikitse droni pamwamba pa malowo, kamera ione chizindikiro, Pi itumize uthenga wa LANDING_TARGET ku ArduPilot kudzera mu pymavlink. Onjezani kachipangizo koyeza kutalika monga TFmini, chifukwa barometer siidalirika pafupi ndi nthaka.

Zovuta zake n'zazing'onozing'ono koma zopweteka. Pepala lonyezimira limachititsa kamera khungu dzuwa likakhala paliwombo, ndiye sindikizani pa pepala losawala. Droni ikatsika kwambiri chizindikiro chachikulu sichikwananso mu kamera, ndiye ena amaika kachizindikiro kakang'ono pafupi ndi chachikulucho. Pa bwalo la fumbi, monga mabwalo athu ambiri m'chilimwe, mphepo ya mapulopela imakwirira chizindikiro mu masekondi omaliza. Ndipo Pi ipatseni BEC, kachipangizo kotsitsa mphamvu ya batire, yakeyake ya 5V 3A. Mukaidyetsa kuchokera ku Pixhawk, tsiku lina zonse zidzazimira limodzi zili m'mwamba.

Zipangizo zikadali panjira. Olemba khodi angokhala?

Ayi ndithu. ArduPilot ili ndi SITL, droni ya pa kompyuta yomwe imamvera malamulo onse ngati yeniyeni. Lembani khodi, igwetseni kakhumi patsiku popanda kulipira pulopela. Khodi iliyonse idutse pa SITL isanakhudze droni yeniyeni, ngakhale mwangosintha mzere umodzi.

Tingaulutsire kuti muno mu Blantyre? Pamafunika chilolezo?

Mlengalenga muli eni ake, ndipo ndi a Civil Aviation. Pitani kudzera kwa mphunzitsi wanu kapena okonza mpikisano kuti sukulu ilembe kalata, mudziwe zofunika pa kulembetsa droni ndi malo omwe mwaloledwa. Safunsa anadya phula. Dera la bwalo la ndege la ku Chileka likhale kutali ndi inu, chimodzimodzi nyumba ya boma ya Sanjika, malo a asilikali ndi apolisi, ndende ya Chichiri, ndi zipatala. Pa timawailesi ta telemetry, 915 MHz ili moyandikana ndi pomwe pamadutsa mafoni a m'manja kuno, choncho ambiri amasankha 433 MHz. Nkhani za mafunde a wailesi mwini wake ndi MACRA.

Kupatula boma, pali anthu. Bwalo la sukulu kapena la mpingo lili ndi mwini wake, kapempheni. Ngati ndi kumudzi, monga cha ku Mpemba kapena ku Lunzu, yambani mwakaonekera kwa amfumu, mufotokoze kuti kamera yanu ikuyang'ana chizindikiro, osati m'mabafa a anthu. Ana adzabwera, simungawaletse. Sankhani mmodzi wa gulu, wa mawu amphamvu, ntchito yake ikhale kuwasunga kuseri kwa mzere.

Nthawi yabwino youlutsa ndi iti?

M'mamawa, dzuwa likangotuluka, mphepo isanadzuke. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi kamvula kowaza komwe kamalowa mu ESC mosaoneka, ndipo mwera umakankha droni yopepuka. Pafupi ndi mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru mphepo imabwera mopotanapotana. Kuyambira Novembala mvula imatha kugwa masana mosachenjeza. Komabe musamangoyesera pa bata. Tsiku la mpikisano simusankha ola, ndiye droni ikakhazikika, yeseraninso masana pa mphepo yapakatikati.

Nanga ikathawa?

Muikonzeretu isanathawe. Yatsani failsafe ya rimoti kuti mafunde akaduka ibwerere yokha pomwe inanyamukira (RTL), yatsaninso ya batire, ndipo ikani geofence, malire oti isadumphe, a mtunda ndi kutalika. RTL imabwerera pomwe munaiyatsira mamota, ndipo ngati simunasinthe imayamba yakwera kufika mamita 15. Mabulugamu athu ambiri amaposa pamenepo, ndiye yang'anani mtengo wautali kwambiri pamalopo n'kuwonjezera. Kenaka yesani zenizeni: droni ili pansi, mapulopela atachotsedwa, GPS itagwira, yatsani mamota pa Stabilize, kwezani throttle, kenaka zimitsani rimoti muone pa laputopu ngati yasinthadi kupita pa RTL. Lembaninso nambala ya foni ya gulu pa fulemu.

Achemwali ena m'gulu mwathu akufunsa ngati zimenezi zili ndi tsogolo kuno kwathu, kapena n'zoseweretsa chabe.

Auzeni kuti Malawi anayamba kale. Mu 2016 UNICEF ndi boma anayesa kunyamula magazi a makanda okayezetsa HIV pa droni ku Lilongwe. Mu Juni 2017 anatsegula dera loyeseramo madroni ku Kasungu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko. Mu Januwale 2020 kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, ya UNICEF mogwirizana ndi Virginia Tech ndi MUST ya ku Thyolo. Madroni akugwira ntchito yojambula mapu, kuona madera osefukira madzi ndi kunyamula mankhwala. Wophunzira wa ku MUBAS, yomwe akuluakulu timaitchabe Poly ngakhale inasintha dzina mu 2021, akamatuluka akudziwa kuwerenga log ndi kupeza chomwe chagwetsa droni, ali ndi luso lomwe si ambiri ali nalo. Ndipo achemwaliwo apatsidwe rimoti ndi soldering iron, asangosiyiridwa kulemba lipoti.

Tsiku la mpikisano tichite chiyani, tisachite chiyani?

Kutatsala masiku atatu, khodi itsekedwe. Wina adzabwera usiku womaliza ndi nzeru yatsopano yoti droni izitera mwachangu. Mulandeni laputopu. Sungani ma parameter onse mu fayilo pa mafulashi awiri, tsitsiranitu mapu a malowo mu Mission Planner chifukwa netiweki ya pabwalo siidziwika, ndipo mabatire onse mutchaje dzulo lake masana, osadikira usiku magetsi angathime.

Pabwalo aliyense adziwe ntchito yake: woyendetsa ndi rimoti, wa laputopu wowerenga mokweza mphamvu ya batire ndi GPS, ndi woyang'ana kumwamba ndi anthu. Wolankhula kwa woyendetsa akhale mmodzi yekha. Lembani papepala zoyenera kuona musananyamuke, muziwerenge mokweza ngakhale mukuzidziwa pamtima: mapulopela olimba, batire lomangidwa, SD card ili mkati, njira yomwe ili mu droni ndi ya lero osati ya ku bwalo loyeserera. Mukasamuka mtunda wautali, yang'anani pa mapu ngati droni ikuloza komwe yalozadi musanayatse mamota.

M'chikwama musasowe ma cable tie, tepi, ma Allen key, mutu wa XT60 wapadera, multimeter, ambulera yophimba laputopu kuti muziona sikirini padzuwa, ndi chakudya. Nthawi yanu ikhoza kulembedwa 9 koloko m'mawa n'kudzaitanidwa 2 koloko masana, ndiye mabatire asungeni pamthunzi, osati m'galimoto yotseka magalasi.